Ankhoswe a pa Kabaza

Pa siteji ya kabaza ya pa boda, pansi pa mtengo wa mthethe womwe unatsala wokha pamene ankakuza msewu, aliyense ali ndi pokhala pake. Wina pa njerwa, wina pa tayala lakutha, ena awiri pa bawo. A Jobson okha ndiwo alibe. Si kuti anawamana malo, pakuti iwo ndi akulu kuposa onse, ndipo anyamata akanawasiyira ngakhale benchi yonse. Kungoti munthuyo sagwirizana ndi pansi. Akangotsitsa kasitomala amazungulira njinga yawo, kudina tayala ndi chala, kupukusa pedulo chambuyo, kupukuta kushoni yomwe apukuta kale, kenaka n'kukaima m'mphepete mwa msewu kusuzumira kumene kukuchokera mathiraki ngati pali amene anawalonjeza kubwera.

"Madala, takhalani pansi, mukutizunguza mutu," amatero Kwacha, mwini njinga yamoto yofiira, amene pakamwa pake sipatsekeka.

"Ndikakhala mawondo amauma. Udzandinyamula ndiwe?"

"Ndidzakunyamulani, koma ngati thumba la mtedza, chopingasa."

A Jobson anabadwira kwa Mkanda, ndipo sukulu anailekera Sitandade 5. Anakhala zaka zisanu ndi zinayi akulima fodya wa utenanti, fodyayo n'kuwasiyira chifuwa chokha. Atatopa anawoloka kupita ku Chipata kukagwira ntchito pa famu ya nkhuku, ndipo pobwerako anabwera ndi njinga yakuda ya mipiringidzo iwiri. Njinga imeneyo ndi yomwe yaphunzitsa ana awo atatu, ndi yomwe yafolera ndi malata nyumba yomwe amakhala ndi akazi awo a Betty. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akupalasa msewu womwewo. Njinga zamoto zitabwera, makasitomala ambiri anawathawa. Anatsala ndi okalamba, amayi apakati, ogulitsa mazira, ndi Sajeni Millicent wa kupolisi ya pafupi ndi boda, yemwe anagwapo pa njinga yamoto ndipo analumbira kuti sadzakweranso.

Foni ali nayo, ya mabatani, anawagulira ndi mwana wawo Favour. Koma wa kabaza saimba foni, amafulasha. Imalira kamodzi kwa kasitomala, iwe n'kudula, kasitomalayo ndiye amaimba ngati akukufuna. A Jobson chala chawo chinazolowera kwambiri moti chimadula chokha mutu usanaganize.

Udindo wina umene anali nawo, wopanda malipiro, unali unkhoswe. Anawapatsa ndi mlongo wawo, a Esitele, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Rodrick, mwana wachisamba wa a Esitele, anapeza mtsikana wa kwa Mavwere dzina lake Ivy, ndipo woimira mnyamata pa ukwati ndi amalume ake. A Jobson anavala jekete yobwereka, anapita kwa Mavwere, anapereka tambala n'kulandira msoti kuchokera kwa a Phillip, amalume ake a Ivy. Tsiku limenelo anabwerako akuimba nyimbo za kwaya msewu wonse.

Rodrick akanakamanga kwawo kwa mkazi monga zimakhalira, alongo ake a Ivy akanamamva chilichonse chochitika m'nyumbamo. Koma iye anapempha kumutenga, ati ntchito yake ili pa boda: kutsuka mathiraki ndi kumanga matenti pamwamba pa katundu. Anachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa magolosale. Ivy anayamba kuyenda ndi lichero la nthochi ndi mtedza wokazinga mumzere wa mathiraki odikira mapepala. Tsono dalaivala amene wakhala masiku atatu pamzere sagula kwa munthu wa tsinya. Wogulitsa amayenera kuseka, kuyankha nthabwala, kudziwa dzina la uyu ndi la uyo. Rodrick ankadziwa zimenezi, ndipo ndiwo zogulidwa ndi kusekako ankadya nawo, koma madzulo ankafunsa kuti amaseka chiyani.

Katatu a Jobson anayalitsa mphasa pakhonde pawo kuweruza nkhani ya awiriwa. Koyamba Ivy anabwera ndi mlomo wotupa. A Phillip analipo, Rodrick anagwada, anapepesa, nkhani inatha. Kachiwiri linali dzino. A Phillip anali akudwala, anangotumiza uthenga woti, "Weruzani anzanga, ndinu maso anga." Kachitatu, chaka chatha, a Phillip anali atatisiya, ndipo kwawo kwa Ivy anali asanasankhe wolowa m'malo. Ivy anakhala pamphasa yekha, mwana wake Princess ali pamiyendo, thonje lili m'khutu lamanzere. A Jobson anamukalipira Rodrick ndithu, mpaka thovu kukamwa. Kenaka anatembenukira kwa mkaziyo n'kunena mawu omwe ankhoswe onse amanena.

"Mwanawe, banja n'kupirira. Apongozi ako anapirira zoposa izi."

Ivy anapendeketsa mutu, kuwapatsa khutu lamanja. "Mwati bwanji, amalume?"

A Jobson anachita kubwereza mokweza. Mawu onena kamodzi amapita ndi mphepo, koma amene wawabwereza mokweza, aneba akumva, amakukakamira. Khutu lija silinatsegukenso. Kuyambira pamenepo akamuona Ivy akudutsa ndi lichero, ankapeza chochita pa tcheni cha njinga. A Betty ankadandaula kuti ngakhale pa chakudya munthuyu wayamba kudya chiimirire. Mumtima mwawo ankadziwa kuti kachinayi kadzafika, ndipo kuti adzamubwezanso Ivy kuchipinda chija, chifukwa ntchito ya nkhoswe ndi kumanga banja.

Kachinayi kanafika Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, phula likununkha. Mzere wa mathiraki unali wautali kufika pa mlatho. A Jobson anali atangotsitsa mayi wa mazira pamene anaona anthu akuthamangira pakati pa thanki yoyera ya mafuta ndi thiraki ya feteleza. Anaganiza kuti agwira wakuba. Anakankha njinga n'kupita nawo.

Anthu anali atapanga bwalo. Osintha ndalama, amayi a chipisi, madalaivala ovala makabudula, ena atakweza mafoni m'mwamba kujambula. Pakati panali Ivy, atagwada, manja ataphimba kumutu. Nthochi zinali mbwee m'fumbi. Rodrick anali ndi lamba womangira tenti, uja wokhala ndi ngowe yachitsulo kumapeto, ataukulunga kawiri m'dzanja.

"Dalaivala uja wakugwira dzanja pokupatsa ndalama, iwe n'kumaseka! Ndakuona ndili pamwamba pa thiraki. Umayesa ndilibe maso?"

Lamba anatsika. Amayi anakuwa, koma palibe anasuntha phazi.

"Ndi mkazi wake," wina anauza mnzake amene anangofika kumene.

"Aaa, za m'banja. Ukalowerera mawa agwirizana, woipa n'kukhala iwe."

Kenaka mayi wina wa chipisi anawaona a Jobson. "Ankhoswe afika! Patukani, eni ake nkhani afika!"

Bwalo linatseguka, ndipo a Jobson anaona nkhope za anthu zikumasuka, ngati mtolo wachoka pamitu pawo. Ena mpaka anayamba kubwerera ku malonda awo. Anagoneka njinga pansi, chinthu chomwe sachita, n'kulowa.

"Rodrick! Iwe Rodrick, taleka. Ndine amalume ako."

Rodrick sanatembenuke n'komwe. Thukuta linali chuchuchu, maso ali psu. "Amalume, inu mudzaweruza Lamulungu pamphasa panu. Pano ndisiyeni."

A Jobson anamugwira mkono. Mnyamata amene amakoka matenti tsiku ndi tsiku anangowakutumula ngati akuchotsa chitsotso pa malaya, iwo n'kukagwera pa tayala la thiraki. Podzuka anaona ngowe ija itapeza pamwamba pa diso la Ivy. Magazi anatsika kuphimba theka la nkhope. Ivy sanalire. Anangowayang'ana ndi diso linalo, ndipo m'disomo munalibe kupempha kulikonse. Ankadziwa kale zimene ankhoswe adzanene Lamulungu.

A Jobson anazungulira kuseri kwa thanki yoyera. Anatulutsa foni. Nambala ya Sajeni Millicent inali pamwamba penipeni. Anadina, inalira kamodzi, chala chinadula.

Anaima kudikira kuti asajeni aimbe. Anayenda kufika ku tayala lakutsogolo, n'kubwerera. Kuseri kunamveka lamba, phwa! Anadinanso, chala chinadulanso. Anayang'anitsitsa kagalasi ka foni, kali zii. Ndi pamene anazindikira chimene asajeni akuganiza: kuti mkulu wa kabaza akufunsa ngati akufuna kuti akawatenge, ndipo popeza si nthawi yoweruka, palibe chifukwa choyankhira. Nthawi yonseyi, mwina mphindi ziwiri, mwina zitatu, munthu anali akumenyedwa.

Kachitatu anadina, n'kubisa chala chachikulucho m'chibakera kuti chisafike pa batani. Foni inalira, inalira, inalira.

"Halo? A Jobson?"

"Mwaswera bwanji, bwana?"

"Ndaswera. Mwaimba nokha lero? Kwagwanji?"

"Ife taswera, kaya kunyumba ana..." Pakamwa panali pakungoyenda pokha m'njira yake yozolowera. Kuseri mayi wina anakuwa kuti mayo wamupha. A Jobson anafuula, poti iwo pa foni sadziwa kunong'ona: "Bwana, akupha munthu kuno! Pa mzere wa mathiraki, pa thanki yoyera. Bwerani msanga!"

"Akumupha ndani?"

"Mwamuna wake. Rodrick, womanga matenti. Mwana wa mlongo wanga."

Atakweza maso anaona dalaivala wa thankiyo atatulutsa mutu pawindo, akuwayang'ana. Mawu awo anali atadutsa pansi pa thiraki n'kukafika pabwalo lonse.

Polisi ili pafupi. Asajeni anafika wapansi, akuthamanga, ndi apolisi ena awiri. Rodrick atawaona anataya lamba n'kuyang'ana kanjira kolowera m'minda kopita tsidya la Zambia. Koma anthu omwe aja, amene mapazi awo anali atamera mizu, tsopano anasanduka ngwazi. Madalaivala atatu anamugwira, wina mpaka kumuponda kumbuyo kwa bondo. Akumumanga unyolo, Rodrick anafunafuna ndi maso mpaka anawapeza.

"Amalume, ndinu? Inuyo?"

A Jobson anawerama n'kuyamba kutola nthochi zopondedwa kuika m'lichero. Ivy anamukweza pa galimoto ya wamalonda wina wopita ku boma, kuchipatala.

Masana onsewo a Jobson sanapeze mtendere. Ananyamula munthu wopita kumsika n'kumupitiriza. Pa siteji nkhani inali yomweyo.

"Ankhoswe amakono awa," anatero Kwacha, "mphasa anagulitsa, anagula foni. Ine mkazi wanga akadzandilakwira, madala musadzayandikire."

"Achita bwino," anatero wina pa bawo. "Mtsikana uja bwenzi pano tikukamba za bokosi."

"Bwino ndiye achita, koma magazi ako eni? Akanatuma munthu wina kuimba."

"Wina wake ndani? Iwe unali pompo, unkajambula."

A Jobson anapukusa pedulo chambuyo. Pofika kunyumba dzuwa likupendeka, a Betty anali atamutenga kale Princess kwa aneba ake a Ivy, akumusambitsa m'beseni.

"Kwa Mkanda amva?" anafunsa a Jobson.

"Nkhani yotere imadikira minibasi? Alongo anu aimba kanayi. Ati mawa alawirira."

A Esitele analawiriradi. Koma sanayambe kwa mlongo wawo. Anayamba kuchipatala, atanyamula phala m'kontena ndi chitenje chatsopano. Anamumwetsa Ivy ndi dzanja lawo, anamupukuta kukamwa, n'kukhala pambali pa bedi kulankhula naye ola lathunthu. Cha m'ma 10 koloko foni ya a Jobson inalira. Anali asajeni, akuwaitana kupolisi.

Anawapeza a Esitele panja, pansi pa mtengo wa mango, atamanga chitenje m'chiuno ngati opita kumaliro. Ivy anali pa benchi ya pakhomo, bandeji itazungulira mutu, mkono uli pa nsalu yokoleka m'khosi.

"Achimwene," anayamba a Esitele osapereka moni, "tinakupatsani mwana kuti mumuyang'anire, inu mwakamupereka kwa boma. Kwathu kuno zinayamba zachitika? Amalume kumangitsa mbumba yawo?"

"Alongo, mukanaona."

"Ndaona! Ndachokera komweko. Bala ndi bala, lipola. Ine bambo ake Rodrick anandithyola nthiti ziwiri, inu munali kuti? Si inu munandiperekeza kubwerera, mutanyamula mtolo wanga pa njinga? Ndinafa?"

A Jobson anayang'ana pansi. Zinali zoona. Anali ataiwala, kapena anali atadziiwalitsa.

"Mtsikanayu ndalankhula naye, wamva," anapitiriza a Esitele, mawu atatsika. "Sakufuna kuti Princess akule bambo ake ali kundende. Wauza kale apolisi kuti nkhani ibwerere kwa ankhoswe. Chatsala ndi dzanja lanu basi. Musayine, titenge ana athu tizipita. Tikamukalipire tonse, ine ndemwe ndikamukwapula. Chibale n'chipsera, achimwene. Munda wa amayi uja kwa Mkanda, amakulimirani ndani inu muli pa njinga? Si ana anga?"

Wapolisi anawaitana kuti alowe.

Ofesi inali yaing'ono, tebulo limodzi, benchi, ndi kabati ya mafayilo yosatsekeka. Rodrick anamubweretsa wopanda nsapato, wopanda lamba wa thalauza, atagwira thalauzalo ndi dzanja. Usiku umodzi unali utamuchepetsa. Anagwada pafupi ndi khomo osauzidwa, n'kuyamba kulira ngati mwana. A Jobson anakumbuka kuti mwana ameneyu anamuphunzitsa kupalasa njinga ndi iwo, atalowetsa mwendo pansi pa mpiringidzo poti pa chishalo sankafika.

Sajeni Millicent pa ntchito sanali kasitomala wa m'mawa uja wokonda kufunsa za mitengo ya chimanga. Anaika mapepala awiri patebulo.

"A Jobson, mayiwa akuti akufuna nkhaniyi ikakambidwe kumudzi. Ine ndawauza maganizo anga, kuti bala ili si la pamphasa. Koma ndisanapite nayo kwa akuluakulu anga ndikufuna ndidziwe pamene inu mwaima. Pepala ili ndi la ankhoswe, lonena kuti mwalandira anthu awiriwa m'manja mwanu ndipo mukutsimikiza kuti mayiwa akakhala bwino. Lachiwirili ndi la mboni, lonena zimene munaona dzulo. Kwa ine munthu mmodzi sangasayine onse awiri. Amene anaimba foni ndi inu. Ankhoswe ndi inunso. Cholembera ndi ichi."

"Amalume, sindidzachitanso," anatero Rodrick. "Ndi Satana. Ndikulumbira pamaso pa amayi."

"Mwamva," anatero a Esitele. "Sayinani."

A Jobson anatenga cholembera. Anachitembenuza, anachidina kumutu, anachidinanso. Chipindacho chinali chopanda poyenda, komabe anapeza masitepe awiri kupita pawindo ndi awiri kubwerera. Panja njinga yawo inali itatsamira mtengo wa mango. Anaganiza za munda wa kwa Mkanda, za maliro ndi maukwati akumudzi kumene iwo amakhala pa mpando wakutsogolo, za mlongo wawo yemwe anawabereka kumsana amayi ali kudimba. Kusayina dzina lawo kumawatengera nthawi yochepa kuposa kupopa tayala. Akanatha kusayina, Lamulungu n'kuyalitsa mphasa.

Anaika cholembera pansi. Anapita pamene panakhala Ivy, n'kuzungulira mbali ya kumanja kwake. Mawondo analira pamene ankanjuta, mwamuna wamkulu pamaso pa mkazi wa mwana wa mlongo wake. A Esitele anagwira pakamwa.

"Mwanawe, ukundimva?"

"Ndikumva, amalume."

"Katatu ndakubweza. Pa mlomo, pa dzino, pa khutu. Dzulo ndimati ndikuitanire anthu, ndinataya nthawi ndi kufulasha, iwe ukumenyedwa. Ndine munthu wotero ine. Tsono pepala ilo likuti nditsimikize kuti ukakhala bwino. Ine sindingatsimikize. Anandikankha ngati mwana dzulo, anthu akuona. Ndikamuletsa ndi chiyani mawa? Ukafuna kubwerera kwa mwamuna wako, miyendo ndi yako, sindikugwira. Koma dzina langa silikhalapo."

"Achimwene!" anakuwa a Esitele.

"Mayi, chete," anatero asajeni.

Ivy ankapotokola ngodya ya chitenje chatsopano chija ndi zala za dzanja labwinolo. Anayang'ana apongozi ake, anayang'ana Rodrick, amene tsopano anali atasiya kulira ndipo ankamuyang'ana mwa njira ina, yomwe a Jobson anaiona ndipo asajeni anaionanso.

"Amalume," anatero Ivy motsitsa, "mukakhala mboni, mukanena za dzulo zokha?"

"Ndikanena zonse."

"Ndi za khutu zomwe?"

"Ndi za dzino. Ndi zimene ndinakuuza ine pamphasa paja, ndikazinenanso, amve kuti anakubweza ndani."

"Kwathu akandifunsa kuti banja lathera chiyani. Amayi amati ukachoka wekha, wolakwa ndiwe."

"Ndikafika ndekha kwa Mavwere. Msoti ndinakalandira ndine, ndikafotokoza ndine."

Ivy anagwira bandeji ngati akufuna kutsimikiza kuti ilipo. "Asajeni, zija ndinanena m'mawa zija zisiyeni. Lembani zimene zinachitika."

A Esitele anadziponya pansi. Analira kutchula amayi awo omwe anamwalira, kutchula agogo, kufunsa kuti analakwa chiyani kubadwa ndi mlongo mfiti. Rodrick anamutulutsa akutukwana, ulemu wonse wa pakhomo paja utatha. A Jobson anakhala pa benchi kuti apereke sitetimenti. Inatenga nthawi yaitali, chifukwa ankayamba nkhani iliyonse ndi tsiku la chinkhoswe, asajeni n'kumawabweza. Pomaliza anasayina, zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere.

Potuluka anawapeza a Esitele atadzikonza, mpango atamanganso, maso ali gwa. Anakankha njinga kupita pamene anaima.

"Alongo, kwerani ndikakutuleni pa siteji ya kwa Mkanda."

"Mlongo wanu ndani? Ine mlongo wanga anafera ku Chipata. Munda uja muuiwale. Ndipo ndikadzafa musadzaponde pa maliro anga, ndidzadzuka."

Anakweza dzanja kuimitsa njinga yamoto yomwe inkadutsa. Anali Kwacha. A Esitele chibadwire anali asanakwerepo njinga yamoto, ankati ndi bokosi la maliro loyenda. Anakwera chammbali, atagwira malaya a Kwacha ndi manja onse awiri. Kwacha, amene nthawi zonse sasowa chonena, anangoyang'ana a Jobson.

"Pang'onopang'ono, iwe," anatero a Jobson. "Amachita chizungulire."

Kwacha anagwedeza mutu, n'kunyamuka mofatsa ngati wanyamula mazira. A Esitele sanacheuke.

A Jobson anatsala ataima, dzanja lili pa chishalo. Anadina tayala lakumbuyo, linali bwino. Analidinanso. Ivy anatuluka patapita kanthawi, atagwira kalata ya kupolisi yonena tsiku lobweranso. Anaima pambali pawo.

"Ukhoza kukhala pa kaliyala ndi mkono umenewo?" anafunsa a Jobson.

"Ndiyesa."

Anamuthandiza kukwera, anamuuza agwire lamba wawo ndi dzanja labwinolo. Atapalasa pang'ono anafika pa mphambano, pamene njira ina imalowera kuseri kwa magolosale, ina n'kutsata msewu waukulu. A Jobson anatsitsa phazi pansi n'kutembenuza mutu.

"Tidzere kuchipinda? Ziwiya zako, zovala."

"Ayi. Ndikalowamo ndiyamba kusesa. Azakhali a Betty adzanditengere. Tikatenge Princess, mukatisiye pa minibasi ya kwa Mavwere."

Msewu waukulu umadutsa m'mbali mwa mzere wa mathiraki, palibe pozemba. Thanki yoyera ija inali itawoloka, pamalo pake pataima thiraki ina ya matabwa. Amayi a chipisi anasiya kutakasa m'chiwaya n'kuwatsata ndi maso. Osintha ndalama anatsitsa mawu. A Jobson anamva dzanja la Ivy likulimba pa lamba wawo. Dalaivala wina wongofika m'mawa womwewo, wosadziwa kanthu, amene anangoona msana wa Ivy, anatulutsa mutu pawindo.

"Asisi a nthochi! Lero mwatitaya? Tafa ndi njala kuno!"

A Jobson anafewetsa pedulo, osadziwa ngati aime.

"Pitirizani, amalume," anatero Ivy.

Anaimirira pa mapedulo, poti kutsogolo kunali kachitunda, n'kupalasa.